Kavuulidwe ka ndege yankhondo yomwe inamira m'nyanja

Musanakhudze ndege yomwe yagona pansi pa nyanja chimirire pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, konzani kaye malo oti mukainyike ikangotuluka. Ikaumira pamtunda mchere uli m'kati, imawonongeka msanga kuposa mmene inkawonongekera m'madzi.

Pepala la chilolezo likhale m'manja. Ku Britain lamulo la Protection of Military Remains Act la 1986 limateteza ndege iliyonse ya asilikali yomwe inagwa, ndipo unduna wa zachitetezo supereka chilolezo ngati zikuoneka kuti mafupa a woyendetsa akadali momwemo. Ku America, Sunken Military Craft Act ya 2004 imati ndegeyo ndi ya boma, kaya yamira zaka zingati.

Kenako iyezeni ili pomwepo. Makina a sonar, omwe amaona za pansi pa madzi pogwiritsa ntchito mawu obwerera, amaonetsa kagonedwe kake, koma mphamvu yomwe yatsala m'thupi lake amaidziwa ndi akatswiri osambira pansi pa madzi. Ayang'ane mtanda waukulu wa mapiko, pomangira injini ndi pomangira miyendo ya matayala, poti malamba adzagwira pamenepo. Khungu la ndege silinganyamule kanthu. Aluminiyamu wake ndi wosakaniza ndi kopa pang'ono, pafupifupi 4 peresenti, ndipo mchere umamudya cham'kati: kunja akuoneka wabwinobwino, koma kumukanikiza ndi chala amafumbutuka. Zida za magnesium, chitsulo chopepuka kwambiri, zimakhala zitasungunukiratu, ndipo pomwe chitsulo chinakhudzana ndi aluminiyamu pamakhala patadyeka kwambiri. Akaona kuti siipirira, bola kuisiya. Ndege ya P-38 Lightning yomwe inagwa kufupi ndi Harlech ku Wales mu 1942 ikadali mumchenga, ndipo boma linaiteteza pomwepo mu 2019.

Zipolopolo za mfuti zake achotse ndi akatswiri a mabomba. Mawotchi a kutsogolo kwa woyendetsa anapakidwa utoto wa radium, womwe umatulutsa cheza choopsa m'thupi, choncho asagwidwe ndi manja.

Kulemera kumapusitsa anthu. Ndege ya ku Germany ya Focke-Wulf Fw 190, ngati yomwe anaivuula kufupi ndi Sotra ku Norway mu 2006 pakuya kwa mamita 60, imalemera matani pafupifupi 3 yopanda katundu, ndipo injini yokha ndi tani imodzi. Koma m'mapiko ndi m'mimba mumakhala mutadzaza matope, pansi matope ena ataikakamira. Popani matopewo ndi paipi, m'kati ndi m'mbali momwe, musanakoke. Mukakoka ikadali yomatirira, mchira umatsalira pansi.

Malamba akhale otambalala, omangidwa ku mtanda wachitsulo pamwamba kuti asafinye thupi la ndege. Waya amacheka. Injini ili kutsogolo, ndiye ipatseni lamba wakewake, apo ayi mphuno igwera pansi n'kuthyola pomangira.

Matumba a mpweya ndi othandiza koma ndi aukali. Lita imodzi ya mpweya imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi. Vuto n'lakuti mpweya umafufuma pokwera: kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba umawirikiza kawiri, kuchoka pa mamita 60 kasanu n'kawiri. Thumba lomwe linali losadzaza pansi limadzadza lokha panjira, ndege n'kuthamangira pamwamba popanda woigwira. Gwiritsani matumba ang'onoang'ono angapo odzaza bwino, otsekula kunsi, ndipo kukwezako kuchitike ndi kireni.

Poopsa penipeni ndi pomwe ndege ikutuluka m'madzi. Madzi saithandizanso kunyamula, pomwe m'kati mukadali madzi olemera tani imodzi pa kiyubiki mita iliyonse. Kwezani pang'ono, imani, madzi akhe, kwezaninso. Nyanja ikawinduka dikirani. Ovuula Dornier Do 17, ndege yoponya mabomba, pa Goodwin Sands, m'nyanja kufupi ndi gombe la England, mu June 2013 anabwerera kangapo chifukwa cha mphepo, mpaka anasiya chimango chonyamulira chomwe anakonza n'kumanga zonyamulira pamalo olimba a ndegeyo.

Ikafika pabwato, iyambe kuthiridwa madzi opanda mchere nthawi yomweyo, ndipo pamsewu iyende yokutidwa kuti isaume. Mchere ukauma m'ming'alu umakoka chinyezi, ufa woyera n'kuyamba kutuluka, timabowo n'kuchuluka.

Dornier ija anaiika m'matenti aatali apulasitiki ku RAF Museum, nyumba yosungira ndege zakale za asilikali a Britain, ya ku Cosford, n'kumaipopera madzi osakaniza ndi asidi wa citric, wopezeka m'mandimu uja, kwa miyezi yambiri. Asidiyo amafewetsa nkhono zomatirira ndi kutulutsa mchere, koma akhale wofatsa, pH yake (mulingo wa ukali wa asidi) pakati pa 5 ndi 6. Soda wa kositiki yekha, yemwe amathandiza pa zitsulo zovuulidwa m'nyanja, amasungunula aluminiyamu. Ndiye zida zachitsulo zomasuka zinyikidwe padera. Nkhono zikafewa zipaleni ndi pulasitiki kapena thabwa, osati bulashi yawaya.

Yezani mchere wa m'madzi otsukirawo sabata ndi sabata, ndipo muziwasintha. Mulingo ukatsika n'kukhazikika ngakhale mutathira madzi atsopano, tsukuluzani asidi yense, umitsani pang'onopang'ono, pakani phula lotetezera, ndipo ndegeyo isungidwe m'nyumba yopanda chinyezi.