Momwe mungagulire makontirakiti a chigawo choyamba pa masewero a NBA

Pa Kalshi ndi Polymarket, misika ya pa intaneti yolosera zomwe zichitike, simubetcherana ndi kampani ngati kumashopu obetchera mpira. Mumagulitsana ndi anthu anzanu kontirakiti ya "inde" kapena "ayi" pa funso limodzi, monga lakuti kodi Boston Celtics, timu ya mu NBA (ligi ya basketball ya ku America), ikhala ikutsogola osewera akamapita kopumula. Mukalondola, kontirakiti iliyonse imakupatsani dola imodzi. Mukalakwa, ndalama yapita.

Choyamba, fufuzani ngati mukuloledwa. Kalshi imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la America la CFTC, ndipo inayamba misika ya zamasewero mu January 2025. Polymarket imagwiritsa ntchito ndalama ya pa intaneti ya USDC, ndipo mu 2022 bungwe lomwelo linailipiritsa chindapusa cha madola 1.4 miliyoni. Onsewa ali ndi mndandanda wa mayiko oletsedwa. Uwerengeni musanaike ndalama, ndipo musazembere pa VPN (pulogalamu yobisa dziko lomwe muli), akhoza kukutsekerani akaunti ndalama zili momwemo. Osakwana zaka 18 asayandikire.

Chachiwiri, phunzirani kuwerenga mtengo. "Inde" akamagulidwa masenti 62, msika ukunena kuti mwayi woti zichitike ndi 62 pa 100. Mukapambana mwapindula 38, mukagonja mwataya 62. Ndiye musamangofunsa kuti timu yabwino ndi iti. Dzifunseni ngati mwayi weniweni ukuposa mtengowo. Ngati simungatchule nambala yanuyanu musanaone ya msika, siyani.

Chachitatu, tsegulani malamulo a msika womwe mwasankha. Masewero a NBA sathera pofanana, koma chigawo choyamba chikhoza kutha mapointi ali ofanana. Malamulowo ndiwo amanena zomwe zichitikire ndalama yanu zikatero, ndipo sakhala amodzimodzi paliponse.

Chachinayi, ndipo apa ndi pomwe pali ntchito, ganizani za mphindi 24 zokha: makota awiri a mphindi 12. Akatswiri a timu sasewera mphindi zonsezi. Ambiri amapumula kumapeto kwa kota yoyamba kapena kumayambiriro kwa yachiwiri, ndipo panthawiyi masewero amakhala m'manja mwa apabenchi. Timu ya mayina akuluakulu koma benchi yofooka ikhoza kupita kopumula ili kumbuyo, n'kudzapambana kumapeto, inu kontirakiti itakuferani kale. Yang'ananinso mafaulo. Wosewera amatuluka akafikitsa 6, choncho aphunzitsi ambiri amamukhazika pansi akapeza awiri m'kota yoyamba kapena atatu nthawi yopumula isanakwane.

Mndandanda wa ovulala NBA imautulutsa poyera, ndipo osewera asanu oyambira amadziwika patatsala mphindi pafupifupi 30. Dikirani nthawi imeneyi. Timu iliyonse imasewera masewero 82 kuchokera October mpaka April, nthawi zina masiku awiri otsatizana, ndipo pa tsiku lachiwirilo ndi pomwe akatswiri amapumulitsidwa kawirikawiri. Za "nkhani zam'kati" zomwe ena amagulitsa m'magulu a Telegram, zisiyeni. Jontay Porter, wosewera wa Toronto Raptors, anachotsedwa mu NBA moyo wake wonse mu April 2024 chifukwa cha zoterezi.

Chachisanu, ikani mtengo wanu ndi kudikira, zomwe amazitcha limit order. Misika ya chigawo choyamba imakhala ndi anthu ochepa poyerekeza ndi ya masewero onse, motero wogula akhoza kukhala pa 58 wogulitsa ali pa 62. Mukangodina mwachangu, masenti anayiwo mwapereka nokha. Pa Kalshi ndalama yodulidwa pa malonda imakula kwambiri mtengo ukakhala pafupi ndi masenti 50. Phindu lomwe mukuliona liyenera kuposa zonse ziwirizi.

Chomaliza, sankhiranitu potulukira. Kontirakiti mukhoza kuigulitsa masewero ali mkati, koma chithunzi cha pa foni yanu chimachedwa ndi masekondi angapo, ndipo mukamaona mpira ukulowa, ena asintha kale mtengo. Kumbukiraninso koloko: masewero oyamba 7:30 madzulo ku New York mu December, ku Lilongwe ndi Johannesburg imakhala 2:30 usiku. Lembani masana ndalama yomwe mungalole kutaya ndi mtengo wogulitsira, ndipo mukaluza musathamangire masewero a ku Los Angeles oyamba m'mamawa kuti mubweze.