Kasamalidwe, katsegulidwe ndi kalawidwe ka vinyo wokhalitsa

M'nyumba zambiri za mu Blantyre muno muli botolo la vinyo limene palibe amaloledwa kulikhudza. Lina linabwera ngati mphatso ya ukwati, lina analigula m'bale pa bwalo la ndege ku Johannesburg pobwerera kuno, ndipo lakhala mu kabati ya pabalaza pambali pa mbale za alendo, kudikira tsiku lalikulu. Malume anga ku Chilomoni anali nalo lawo, la vinyo wofiira, limene linaima pafupi ndi windo kwa zaka 14, ndipo tinalitsegula madzulo a chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Chotsekera chake chinangofumbutuka ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe, vinyo anatuluka wabulauni ngati tiyi wadzulo, ndipo fungo lake linali la viniga. Malumewo anangoti, "Komatu ndinalisamala botolo limeneli, mphwanga," kenaka anakhala chete. Analisamaladi ndi mtima wonse, koma panalibe amene anawauzapo mmene vinyo amasungidwira, ndipo chisoni cha madzulo amenewo ndicho chandilembetsa malangizo awa.

Yambani ndi kudziwa chimene muli nacho, pakuti si vinyo aliyense amene amakoma akakhalitsa. Wambiri amene timagula m'masitolo amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo wa m'katoni uja sayenera kusungidwa n'komwe. Vinyo wotha kupirira zaka amakhala ndi zomuteteza zochuluka: asidi, shuga, ukali wa mowa, kapena tanini. Tanini amachokera m'makoko ndi m'nthanga za mphesa, ndipo ngakhale dzinali ndi lachilendo, aliyense amene anaiwalapo masamba a tiyi wa ku Thyolo m'ketulo amamudziwa, chifukwa ndi yemwe uja amaumitsa m'kamwa ndi kukhakhalitsa lilime ngati mwaluma nthochi yosapsa. Mphesa za Cabernet Sauvignon, Shiraz ndi Nebbiolo zili naye wambiri. Mwa mavinyo oyera, Riesling ndi Chenin Blanc amadalira asidi, pamene otsekemera monga Sauternes wa ku France ndi Vin de Constance wa ku Cape Town amatetezedwa ndi shuga pamodzi ndi asidi. Popeza vinyo wambiri wofika kuno amachokera ku South Africa, ndi bwino kudziwa kuti mabotolo a ku Stellenbosch monga Kanonkop Paul Sauer ndi Meerlust Rubicon amatha kukhala zaka 10 mpaka 20 akasungidwa bwino. Chaka cholembedwa pa botolo ndi chimene mphesa zinathyoledwa, osati chimene vinyo anathiridwa m'botolo, choncho zaka muziwerengera kuyambira pamenepo.

Chimene chimachitika m'botolo lotsekedwa n'chodekha kwambiri. Kampweya kochepa kamene kanatsalira m'khosi mwa botolo, pamodzi ndi kena kamene kamalowa pang'onopang'ono kudzera pa chotsekera, kamasintha zonse zimene zili m'vinyomo. Tanini amalumikizana yekhayekha komanso ndi tinthu timene timapereka mtundu wofiira, ndipo zikalemera zimagwa pansi n'kukhala nsenga. N'chifukwa chake vinyo wofiira amayera akamakula: amayamba wofiirira moderako ngati madzi a chidede, kenaka amafiira mowala, pambuyo pake amatenga mtundu wa njerwa yootcha, makamaka m'mphepete mwa galasi. Vinyo woyera amayenda njira yosiyana, pakuti iye amaderaderabe, kuchoka pa mtundu wa udzu wouma kufika pa wa uchi. Nsenga zija si chizindikiro chakuti vinyo waonongeka, ndipo sizidwalitsa munthu, kungoti zimawawa ndi kuchita mchenga m'mano.

Kusintha kwakukulu kuli pa fungo, ndipo pano m'pamene anthu ambiri amakhumudwa popanda chifukwa. Vinyo wamng'ono amanunkhira zipatso zongothyola kumene. Wokhalitsa amataya zambiri za zimenezo n'kuyamba kununkhira zipatso zouma, chikopa, bowa, dothi, ndi masamba ouma. Amene anadutsapo pafupi ndi okushoni ya fodya ku Limbe nyengo ya malonda adzalizindikira msanga fungo la fodya wa m'mabelo mu Cabernet Sauvignon wokhwima, ndipo fungo la nthaka ikangonyowa ndi mvula yoyamba limapezekanso kawirikawiri. Vinyo woyera amapita ku uchi ndi mtedza wokazinga, ndipo Riesling wakale amakhala ndi kafungo konga ka palafini, kamene kwa mphesa imeneyo n'koyembekezeka. Ine ndimaona kuti munthu amene amakonda vinyo chifukwa cha kukoma kwa zipatso sayenera kudzikakamiza kusunga mabotolo zaka zambiri, chifukwa chimene adzapeze pamapeto pake ndi chakumwa china, chosiyana ndi chimene anachikonda pogula.

Mdani wamkulu wa zonsezi kwathu kuno ndi kutentha. Vinyo amafuna malo amdima, ozizira madigiri 12 mpaka 14, osasinthasintha. Umboni wake unapezeka mu 2010, pamene osambira pansi pa nyanja ya Baltic ku Ulaya, pafupi ndi zilumba za Åland, anapeza mabotolo 168 a champagne m'sitima imene inamira zaka pafupifupi 170 m'mbuyomo, ndipo ena mwa iwo anali omweka ndithu, chifukwa anagona mumdima ndi m'madzi ozizira nthawi yonseyo. Yerekezani zimenezo ndi pabalaza pa nyumba ya malata ku Ndirande kapena ku Bangwe mwezi wa Okutobala, pamene kunja kwafika madigiri 30 ndi kupitirira. Kutentha kotero kumaphika vinyo, kumamufufumitsa mpaka kukankha chotsekera, ndipo kukazizira usiku botolo limakoka mpweya wina kulowa m'kati. Ngati mulibe firiji yosungira vinyo, funani malo ozizira koposa m'nyumba mwanu, monga pansi pa wadiropu ya chipinda chosawombedwa dzuwa, ikani botolo m'katoni pa simenti, ndipo muligoneke cham'mbali kuti vinyo azinyowetsa chotsekera chisaume. Kukhitchini ndi pamwamba pa firiji ndi malo oipitsitsa. Ndinene mosabisa kuti ngakhale mutachita zonsezi, m'nyumba wamba ya mu Blantyre vinyo amakula msanga kuposa mmene opanga ake amayembekezera, choncho botolo limene amati lingadikire zaka 15 ndi bwino kulitsegula nthawiyo isanakwane.

Pali vinyo mmodzi amene nyengo yathu samuopsa, ndipo ndi Madeira, wochokera pa chilumba cha dziko la Portugal cha dzina lomwelo. Kalekale migolo yake inkatentha m'sitima zodutsa m'madera otentha, anthu n'kupeza kuti wafika akukoma kuposa mmene ananyamukira, ndipo mpaka lero amamutenthetsa dala popanga. Popeza kutentha ndi mpweya zinamugwira kale, amatha kukhala zaka zoposa 100. Amene akufuna kusungira mwana wobadwa lero botolo lodzatsegula pa ukwati wake aganizire za ameneyu.

Tsiku lotsegula likayandikira, liyang'aneni botolo pa kuwala. Onani pamene vinyo walekezera: ngati akadali m'khosi kapena pamwamba pa mapewa a botolo, chiyembekezo chilipo, koma ngati watsika kufika pakati pa mapewa kapena kupitirira, mpweya walowa wambiri. Chotsekera chotumphuka, kapena zomata zouma zotsikira m'mbali mwa khosi, zimasonyeza kuti botolo linatenthedwapo. Musalitaye chifukwa cha zimenezi, koma khalani ndi botolo lina pambali ngati mwaitana alendo. Kenaka liimikeni chilili pamalo ozizira kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zonse zitsikire pansi, ndipo musalinyamule pa galimoto tsiku lomwelo, pakuti mabampu a msewu amavundula zimene zinatenga masiku kuti zidikhe.

Ngati mungathe kusankha nthawi, madzulo a chiperoni mu Juni kapena Julayi ndiwo abwino. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, ndipo malangizo akuti amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda analembedwera nyumba zozizira za ku Ulaya. Nyengo yotentha muikeni chiimire mu firiji kwa mphindi 20 kapena 30 musanatsegule, chifukwa akafunda ukali wa mowa umakwirira fungo lonse.

Chotsekera chakale chimafuna dzanja lofatsa. Chimapangidwa ndi khungwa la mtengo wa cork, umene umalimidwa kwambiri ku Portugal, ndipo chikadutsa zaka 15 kapena 20 chimafewa kapena kuuma mpaka kuthetheka. Dulani chokutira cha pamwamba, pukutani pakamwa pa botolo ndi kansalu konyowa, ndipo musadabwe mukapeza nkhungu pamwamba pa chotsekera, pakuti imeneyo ili kunja. Chotsegulira chabwino pa ntchitoyi ndi chija cha mano awiri opyapyala chotchedwa Ah-So, chimene mumalowetsa pakati pa chotsekera ndi galasi, dzino lalitali poyamba, mukugwedeza pang'onopang'ono, kenaka n'kukoka mukupotoza. Ngati muli ndi chotsegulira wamba chokha, chija cha waya wozungulira, chilowetseni pakati penipeni mpaka chifike pansi pa chotsekera, ndipo mukoke mosathamanga. Chotsekera chikaduka, lowetsaninso chotsegulira chopendekeka m'chidutswa chotsalacho. Zikakanika, kankhirani chidutswacho m'kati ndi kusefa vinyo pa kansalu koyera kosanunkhira sopo, ndipo palibe chimene mwataya.

Kuti mulekanitse vinyo ndi nsenga, tsukani jagi yagalasi ndi madzi okha, yatsani kandulo kapena tochi ya foni pa tebulo, ndipo muthire pang'onopang'ono mosalekeza, khosi la botolo lili pamwamba pa kuwalako. Mukangoona kamzere kakuda kakukwera kulowa m'khosi, lekani. Mudzasiya vinyo wokwana zala ziwiri pansi pa botolo. Apa pali cholakwa chimene ndachiona kangapo: anthu amamva kuti vinyo wofiira amafuna kupuma, ndiye amasiya wakale mu jagi kwa maola awiri. Malangizo amenewo ndi a vinyo wamng'ono wa tanini wambiri. Wokhalitsa ndi wofooka, ndipo wina amazirala pasanathe theka la ola atakumana ndi mpweya. Choncho alendo akhale pansi kaye, magalasi akhale okonzeka, ndipo kuthira mu jagi kukhale chinthu chomaliza. Ngati botolo ndi lakale kwambiri, ndi bwino kungothira m'magalasi molunjika ndi mosamala, jagi osaigwiritsa ntchito.

Thirani pang'ono, galasi lisafike ndi theka lomwe. Botolo la mamililita 750 limakwanira anthu asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu olawa, onse akulu opitirira zaka 18, ndipo woyendetsa galimoto alawe n'kulavula. Pendeketsani galasi pamwamba pa pepala loyera ndi kuona m'mphepete. Mtundu wa njerwa kumphepete, pakati pakadali pofiira ndi powala, ndi chizindikiro chabwino, pamene bulauni wa mbali zonse wopanda kuwala amachenjeza. Nunkhizani musanagwedeze galasi, kenaka lizungulitseni pang'ono chabe. Fungo loyamba nthawi zina limakhala la chipinda chimene chakhala chotseka miyezi, ndipo limeneli limachoka lokha pakapita mphindi zisanu kapena khumi, choncho musaweruze msanga. Fungo limene silichoka ndi la katoni yonyowa kapena nsanza ya mopu, lochokera ku chotsekera chodwala, ndipo limakulirakulira. Fungo la viniga, kapena la apozi wodulidwa n'kuiwalika mpaka kuda, limatanthauza kuti mpweya unapambana.

Mukamwa, musameze msanga. Lolani vinyo ayende m'kamwa monse, ndipo mudzifunse ngati kukhakhala kuja kwasanduka kusalala, ngati pakadali kachipatso ngakhale kouma, komanso ngati asidi akumupatsa moyo kapena watsala yekha. Vinyo wokhwima bwino salimbana ndi lilime, ndipo kukoma kwake kumatsalira nthawi yaitali mutameza. Amene wapitirira nthawi yake amamveka wopyapyala, wowawasa ndi wouma, chifukwa zipatso zinatha n'kusiya asidi ndi zotsalira za tanini. Bwererani ku galasi lomwelo pakapita mphindi khumi, ndiponso pakapita zina khumi, pakuti vinyo wakale amasintha muli chikhalire, ndipo nthawi zina fungo labwino koposa limabwera kachitatu n'kuchoka osabwereranso. Tsabola wa kambuzi, utsi wa ndudu ndi mafuta onunkhira kwambiri zikhale kutali ndi tebulo. Buledi, madzi, ndi nyama yootcha yothira mchere wokha n'zokwanira.

Lembani zimene mwapeza madzulo omwewo: dzina, chaka, malo amene botolo linagona, mtundu, fungo, ndi nthawi imene linatenga kuti lizirale. Zolembazi zimathandiza kwambiri ngati muli ndi mabotolo ena ofanana nalo, chifukwa ngati loyambali lakhakhalabe m'kamwa ndipo zipatso zili zambiri, enawo angadikire chaka chimodzi kapena ziwiri, koma ngati lafika pa fodya ndi masamba ouma, atsegulidwe nyengo yotentha isanabwerenso. Kumbukiraninso kuti mabotolo awiri a m'katoni imodzi amatha kusiyana, popeza chotsekera chilichonse chimalowetsa mpweya mwa mlingo wake. Vinyo wotsala musamusungire mawa, chifukwa sadzafikako ali bwino. Mugawireni amene ali pa tebulo. Madeira yekha ndiye mungamutsekenso, kumuimika mu kabati, ndi kumamwa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo.