Mmene Mungapezere Mudzi wa Makolo Amene Anasamuka ku Ireland

Munthu wofufuza kumene makolo ake a ku Ireland anachokera kawirikawiri amayamba ndi zinthu ziwiri zokha, dzina la agogo ndi mawu akuti "kwawo kunali ku Ireland." Ziwirizi sizingamufikitse patali, chifukwa pachilumbachi anthu otchedwa Patrick Murphy kapena Mary Kelly analipo osawerengeka, ndipo mabuku akale a dzikolo anasanjidwa motsatira malo, osati maina. Monga mmene timafunsira mlendo boma lake, mfumu yake ndi mudzi wake, ku Ireland muyenera kudziwa boma limodzi mwa maboma 32, parishi, ndiponso townland, komwe ndi kadera kakang'ono ka nyumba ndi minda. Timadera totere tilipo toposa 60,000, ndipo ntchito yanu yonse yagona pa kupeza kamodzi kokha.

Chifukwa cha ichi, musathamangire ku Dublin, likulu la Ireland. Yambirani m'dziko limene agogowo anakafikira, pakuti n'kumene anafunsidwa za kwawo. Pa njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, mbatatesi itagwidwa matenda, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa ndipo ena oposa miliyoni anakwera sitima zapamadzi kupita ku Liverpool, New York, Boston, Quebec ndi ku Australia. Makaundula a apaulendo a nthawi imeneyo amakhumudwitsa, popeza ambiri analemba mawu amodzi okha akuti Ireland. Zothandiza kwambiri zili kwina. Banki ya Emigrant Savings ya ku New York, imene inatsegulidwa mu 1850, inkafunsa osunga ndalama malo obadwira, maina a makolo ndi sitima imene anabwerera, pofuna kuwazindikira akadzabwera kudzatapa ndalama. Nyuzipepala ya Boston Pilot, kuyambira 1831 mpaka 1921, inkasindikiza zidziwitso za anthu ofunafuna abale awo osowa, ndipo mlongo wofuna mchimwene wake ankatchula parishi yeniyeni kuti wofunidwayo adzizindikire. Ku Scotland, zikalata za kubadwa kwa mwana kuyambira 1861 zimatchula tsiku ndi malo amene makolo anakwatirana. Musanyozenso chiliza, chifukwa Aairishi ambiri ankazokotetsa dzina la parishi yawo pamwala wa pamanda, ndipo ngati cha agogo anu sichinena kanthu, onani cha mbale wawo kapena cha mnansi amene anabwera naye.

Mukapeza malowo, konzekerani kumva nkhani yowawa. Pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zolemba za boma ku Four Courts mu Dublin inapsa, ndipo kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851 anasanduka phulusa kupatula zidutswa zochepa, pamodzi ndi zikalata zambiri zogawira chuma cha masiye ndiponso mabuku ochuluka a mpingo wa Church of Ireland. Mapepala a kalembera wa 1861 mpaka 1891 boma linali litawawononga kale lokha. Ena akamva izi amataya mtima n'kunena kuti zonse zinapsa, koma kutero n'kulakwa.

Makaundula a boma a kubadwa, maukwati ndi imfa sanali m'nyumbayo. Anayamba mu 1864 kwa anthu onse, pamene maukwati a anthu osakhala Akatolika anayamba kulembedwa mu 1845, ndipo akale mwa iwo mungawaone kwaulere pa irishgenealogy.ie. Kalembera wa 1901 ndi 1911 alipo wathunthu pa intaneti kudzera ku National Archives of Ireland, ndipo ngakhale agogo anu anali atachoka kale, mwina mudzapeza mng'ono wawo akukhalabe pamunda womwewo. Za kumpoto kwa chilumbachi zambiri zimasungidwa ku PRONI, nyumba yosungira zolemba za boma ya Northern Ireland, mu Belfast.

Chuma chenicheni, mwa kuona kwanga, ndi mabuku a maparishi a Chikatolika, amene anapulumuka chifukwa ansembe ankawasunga m'maparishi mwawo. National Library of Ireland inaika zithunzi zake pa intaneti mu 2015, ndipo ambiri amafika cha m'ma 1880. Kuwawerenga kumafuna mtima wodekha. Inki inazilala, masamba ena anadyedwa ndi chinyontho, ndipo wansembe ankalemba mofulumira m'Chilatini, kotero kuti James ndi Jacobus, William ndi Gulielmus, John ndi Joannes, pamene dzina la banja linkasiyidwa m'Chingelezi. Mzere umodzi wa ubatizo umakupatsani tsiku, mwana, bambo, mayi ndi dzina la kwawo asanakwatiwe, komanso anthu awiri amene anaimira mwanayo. Awiriwa alembeni nthawi zonse, chifukwa kawirikawiri anali amalume, azakhali kapena anansi, ndipo ndiwo amasiyanitsa banja lanu ndi banja lina la dzina lomwelo m'parishi imodzimodziyo. Kumadzulo kwa dzikolo, m'maboma osauka monga Mayo ndi Donegal, maparishi ena anayamba kulemba mochedwa, cha m'ma 1850 kapena pambuyo pake, ndipo kumeneko njira imafupika.

Pa kalembedwe ka maina musaumirire. Ambiri sankatha kulemba, choncho mlembi ankalemba mmene wamvera, ndipo O' kapena Mc wa kutsogolo ankagwa n'kubweranso, moti Sullivan ndi O'Sullivan angathe kukhala munthu mmodzi. Zaka nazo musazikhulupirire msanga. Penshoni ya okalamba a zaka 70 itayamba mu 1909, anthu ambiri anapezeka kuti akula zaka zoposa khumi pakati pa kalembera wa 1901 ndi wa 1911. Mukamafufuza ubatizo, onani zaka zisanu kutsogolo ndi zisanu kumbuyo kwa chaka chimene banja limanena. Mwambo wotcha maina ungakuunikireni, pakuti mwana wamwamuna woyamba ankatenga dzina la bambo wa bambo ake ndipo wamkazi woyamba la mayi wa mayi ake, komabe si mabanja onse anautsatira.

Pamene kalembera anasowa, gwiritsani ntchito mabuku a msonkho. Griffith's Valuation, amene anasindikizidwa pakati pa 1847 ndi 1864 motsogozedwa ndi Richard Griffith, amatchula wobwereka malo aliyense, mwini malowo, kukula kwa munda ndi mtengo wake, townland ndi townland. Tithe Applotment Books, mabuku a chakhumi chimene alimi ankapereka ku Church of Ireland, a 1823 mpaka 1837 amakubwezani m'mbuyo m'badwo umodzi. Nambala imene ili pambali pa dzina mu Griffith's imagwirizana ndi nambala ya pa mapu, ndipo pa askaboutireland.ie mungasanjike mapu akalewo pamwamba pa amakono, n'kuona msewu, mpanda wamiyala ndi munda umene agogo anu ankalima asananyamuke.