Musanasinthitse BMW M5 ndi Mercedes-AMG E63 S: momwe mungaunikire nkhaniyi

Munthu amene ali ndi BMW M5 ya mtundu wa F90, ija inayamba kupangidwa mu 2017, akafika pamalo ogulitsira galimoto ku Johannesburg n'kumva kulira kwa injini ya Mercedes-AMG E63 S, sizitenga nthawi kuti galimoto yake iyambe kumuonekera yozizira. Chilakolako chimenechi sicholakwika, koma chili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo suonekera pa pepala lomata pagalasi. Malangizo awa ndi a munthu amene waima pamphambano imeneyi, makamaka amene akukhala ku South Africa komwe galimoto zoterezi zimapezeka zambiri, ngakhale kuti njira yoganizira ndi yomweyo kwa amene ali ku Britain kapena amene akufuna kuitsitsa kumudzi.

Yambani ndi kuika galimoto ziwirizi pambali ndi pambali, chifukwa mudzadabwa kuona kuti zimafanana kwambiri kuposa momwe otsatsa malonda amanenera. M5 ili ndi injini ya V8 ya malita 4.4 yokhala ndi ma turbo awiri, yotulutsa mphamvu ya makilowati 441, ndipo mtundu wake wa Competition umafika pa 460. E63 S ya mtundu wa W213, yomwenso inatuluka mu 2017, ili ndi V8 ya malita 4.0, nayonso ya ma turbo awiri, yotulutsa makilowati 450. Zonse ziwiri zimakoka ndi matayala onse anayi, zonse zimalola woyendetsa kutumiza mphamvu kumatayala akumbuyo okha akafuna kusewera pabwalo la mpikisano, zonse zimalemera moyandikira matani awiri, ndipo M5 wamba ndi E63 S zimachoka poima n'kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.4. Pamsewu waukulu wa N1, pomwe lamulo limakuletsani kupitirira makilomita 120 pa ola, palibe munthu amene angamve kusiyana kwa makilowati 9. Choncho ngati chifukwa chanu chosinthira ndi liwiro, nkhaniyo yathera pompano, ndipo ndalama zanu zikhale m'thumba.

Kusiyana kwenikweni kuli m'makhalidwe a galimotozi, ndipo apa ndi pofunika kukhalapo nthawi yaitali. Tengani pepala n'kulemba zinthu zitatu zimene zimakunyansani pa galimoto imene muli nayo, zinthu zimene mumakumana nazo mlungu ndi mlungu, osati zimene munawerenga m'magazini. Kenako funsani pa chilichonse ngati galimoto inayo ikuchithetsa. Ngati dandaulo lanu ndi loti M5 ndi yachete kwambiri ndipo imayenda ngati galimoto ya abwana a ku ofesi mpaka mutaiponda, ndiye kuti E63 S ikuyankha dandaulolo, pakuti injini yake ili ndi mabingu akuya ndipo imakoka ndi mphamvu ya 850 Nm (muyeso wa mphamvu yokokera ya injini) pomwe M5 ili ndi 750. Koma ngati dandaulo lanu ndi msana umene umawawa mukadutsa pa maenje ndi mabampu, samalani, chifukwa E63 S ya zaka zoyambirira inadziwika ndi kuuma pamsewu ngakhale imakhala pa matumba a mpweya, ndipo kampani ya Mercedes inaifewetsako itaikonzanso mu 2020. M5 imakhala pa masipuling'i achitsulo, ndipo anthu ambiri amaipeza yofatsa pa maulendo a tsiku ndi tsiku.

Giyabokosi ndi pena pamene ziwirizi zimapatukana. M5 ili ndi magiya 8 opangidwa ndi kampani ya ZF, ndipo imanyamuka mosalala ngati galimoto wamba yosintha yokha magiya. E63 S ili ndi magiya 9 ndipo imanyamukira pa kilatchi yomira mu oyilo, zimene zimaipatsa changu ikathamanga koma nthawi zina zimachititsa kagwedezo kakang'ono poyenda pang'onopang'ono. Munthu amene amathera ola lathunthu m'mawa uliwonse pamdipiti wa galimoto pakati pa Pretoria ndi Sandton, kuponda buleki n'kusiya, kuponda n'kusiya, adzakhala ndi kagwedezo kameneko kambirimbiri pa tsiku, pomwe mabingu a injini adzawamva bwino mwina Loweruka lokha. Ine ndimaona kuti anthu ambiri amagula galimoto ya Loweruka n'kumavutika nayo Lolemba mpaka Lachisanu.

N'chifukwa chake ulendo woyesera wa mphindi khumi, wogulitsa atakhala pambali panu n'kumakulozerani msewu wosalala umene iye akuudziwa, suthandiza kanthu. Pemphani kuti muiyendetse kwa nthawi yotalikirapo, pa njira yanu yeniyeni ya kuntchito, ndipo muidzutse nokha injini ili yozizira kuti mumve ngati pali phokoso lachilendo kapena utsi. Zimitsani wailesi. Dutsani pa bampu imene mumaidziwa bwino, lowani pageti la nyumba yanu kuti muone ngati chibwano chake chikukhudza pansi, ikani mpando wa mwana kumbuyo ngati muli naye, ndipo mukamaliza bwererani m'galimoto yanu nthawi yomweyo n'kudutsanso njira yomweyo thupi lisanaiwale. Mukatero mudzadziwa ngati chimene chinakukokani ndi khalidwe la galimotoyo kapena ndi fungo chabe la zikopa zopukutidwa kumene.

Mukakhutira kuti galimoto inayo ikuthetsadi dandaulo lanu, fikani tsopano pa ndalama, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. Wogulitsa wochenjera sayamba ndi mtengo wa galimoto, amatulutsa kakyuleta, amakuyang'anani mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Bwana, mukufuna muzilipira zingati pa mwezi?" Funso limeneli musaliyankhe, chifukwa ndalama ya pamwezi ikhoza kutsitsidwa mosavuta potalikitsa zaka za ngongole kapena pokankhira chibulumwa chachikulu cha ndalama kumapeto kwake, ndipo inu mudzatuluka mukumwetulira pomwe ngongole yakula. Zimene muyenera kudziwa ndi manambala atatu, lililonse palokha ndiponso lolembedwa: ndalama imene banki ikufuna kuti ngongole ya galimoto yanu ithe lero, ndalama imene wogulitsa akuigulira galimoto yanuyo, ndi mtengo wonse wa galimoto inayo kuphatikizapo zolipira zolembetsa ndi zina zimene amawonjezera mwakachetechete.

Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti banki ikufuna R900,000 kuti ngongole yanu ithe, wogulitsa akupereka R780,000 pa M5 yanu, ndipo E63 S akuitcha R1,050,000. Munthu wothamanga amaona kusiyana kwa R270,000 pakati pa mitengo iwiriyo n'kuganiza kuti nkhani ndi yomweyo. Koma pali dzenje la R120,000 limene latsala pa ngongole yakale, ndipo ngati mulibe ndalama yolikwirira, lidzalowetsedwa mu ngongole yatsopano, kotero kuti mudzayamba ndi ngongole ya R1,170,000 pa galimoto imene tsiku lomwelo wogulitsayo sangaigulenso pa R1,050,000. Chiwongoladzanja chidzawerengedwa pa ndalama yonseyo, kuphatikizapo gawo la galimoto imene simukuiyendetsanso. Aliyense amene ali m'dzenje lotere ndi bwino adikire mpaka ngongole itatsika kufika pansi pa mtengo wa galimoto yake. Amene anamaliza kale kulipira ali pabwino, komabe ayerekeze mtengo wa wogulitsa ndi umene angapeze atagulitsa yekha, chifukwa wogulitsa amasiya malo a phindu lake, ndipo pa galimoto yodula malowo amakhala aakulu ndithu.

Kumbukiraninso kuti galimoto zamtunduwu zimagwa mtengo mofulumira m'zaka zoyambirira kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Ngati mwakhala ndi M5 yanu zaka zinayi kapena zisanu, kugwa kwakukuluko mwakulipira kale, ndipo kusinthira galimoto yatsopanopo n'kudziikanso pamwamba pa chitsetse. Palinso mfundo ina imene ikukhudza galimoto zonse ziwiri. M5 yatsopano ya G90, imene inatuluka mu 2024, inasunga V8 koma inawonjezera batire ndi mota yamagetsi, ndipo ngakhale ili ndi makilowati 535, imalemera kuposa makilogalamu 2,400. Ku Mercedes, E63 S ya W213 inasiya kupangidwa mu 2023, ndipo mng'ono wake, C63 yatsopano, inabwera ndi injini ya masilinda anayi yothandizidwa ndi magetsi. Izi zikutanthauza kuti F90 ndi W213 zonse ndi za m'badwo wa V8 yopanda batire lalikulu, choncho wogulitsa akakuuzani kuti yakeyo ndi yomaliza ya mtundu wake, dziwani kuti imene mwabwera nayonso ndi yotero, ndipo mawu omwewo muwagwiritse ntchito pokambirana mtengo wa yanu.

Chinthu china chimene mumataya posintha, ndipo sichilembedwa pena paliponse, ndi mbiri. Galimoto yanu mukuidziwa: mukudziwa tsiku limene oyilo anasinthidwa, mukudziwa kuti simunaithamangitse injini isanatenthe, mukudziwa kuti sinagundepo. Inayo ndi mlendo, ndipo chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Galimoto zamphamvu chotere nthawi zambiri eni ake oyamba amazisintha kompyuta ya injini kuti zitulutse mphamvu yoposa ya ku fakitale, kenako amabwezeretsa zonse asanagulitse, ndipo zimenezi zikhoza kuthetsa chitsimikizo cha kampani. Funani kaundula yense wa kukonzedwa kwake, yerekezani nambala ya galimoto imene ili pa chitsulo ndi imene ili pa mapepala, ndipo muipereke kwa makaniko wodziwa mtundu umenewu amene alibe ubale ndi wogulitsa.

Makanikoyo akaikweza m'mwamba, imani naye pansi pake. Muoneni akuwalitsa tochi m'mbali mwa injini kufunafuna madontho a oyilo ndi zipsera zoyera za madzi oziziritsa injini amene anauma. Injini zonse ziwirizi zili ndi ma turbo pakati penipeni pa mizere iwiri ya masilinda, malo otentha kwambiri, kotero mapaipi ndi malabala a pamenepo amakalamba msanga. Pa E63 S, muisiye usiku wonse n'kuona m'mawa ngati ngodya ina yakhala pansi, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti thumba la mpweya likutaya. Pitani ndi chala mkati mwa tayala lililonse, mbali imene siionekera kunja, poti m'pamene matayala otambalala chonchi amayambira kudyeka. Funsaninso ngati mabuleki ndi achitsulo kapena a carbon ceramic, chifukwa achiwiriwa amakhalitsa koma akagamphuka mtengo wake umatha kugula galimoto yaing'ono. Matayala anayi a mainchesi 20 ndi mabuleki atsopano zikafunika m'miyezi yoyambirira, ndalama imeneyo ndi gawo la mtengo wosinthira, ndipo iyenera kulembedwa pa pepala lija.

Za mgwirizano wokonzetsa zimafuna funso lachindunji. Ku South Africa, BMW yatsopano imagulitsidwa ndi Motorplan ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000, ndipo Mercedes-Benz nayo ili ndi dongosolo lake lofanana nalo. Ngati yanu idakali mkati mwa mgwirizano pomwe wa inayo watha, mukusinthitsa denga ndi thambo. Ngati zili mosemphana, pamenepo pali chifukwa chomveka chosinthira, mwina champhamvu kuposa mabingu a injini. Imbiraninso a inshuwalansi musanasaine chilichonse, muwapatse nambala ya galimoto inayo, ndipo mumve mtengo ndi zimene akufuna pa chida cholondolera galimoto ikabedwa.

Amene amapita kumudzi pa galimoto pa Khirisimasi ali ndi funso lowonjezera. Njira yodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza ndi yaitali, ili ndi zigawo za maenje, ndipo galimoto zonse ziwiri ndi zapansi komanso zili ndi matayala opyapyala m'mbali amene saphweka kuwapeza panjira, makamaka poti akutsogolo ndi akumbuyo amasiyana kukula. Opanga amalimbikitsa petulo wa okiteni 98, pomwe ngakhale ku South Africa mapampu ambiri amagulitsa wa 93 ndi 95. Pa ulendo umenewu palibe imene ikuposa inzake kwambiri, kupatulapo kuti sipuling'i yachitsulo siifuna makina apadera kuti makaniko aimvetse, pomwe thumba la mpweya likaphulika kutali ndi mzinda, ulendo waima. Amene akufuna kuilowetsa m'Malawi kuti ikhazikike afunse kaye ku Malawi Revenue Authority, chifukwa msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo afufuzenso ngati ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuli galaja yokhala ndi kompyuta yowerenga mtundu umenewo.

Mukasonkhanitsa zonsezi, gawani ndalama yonse yosinthira ndi chiwerengero cha miyezi imene mukuganiza kuti mudzakhala ndi galimoto yatsopanoyo, n'kuika nambalayo pafupi ndi madandaulo atatu aja. Nthawi zina mudzapeza kuti dandaulo limodzi likhoza kutha ndi matayala a mtundu wina kapena kukonza mashokozoba otopa, pa kachigawo kakang'ono ka ndalamayo. Mukaona kuti nambalayo mukuilandira ndi mtima umodzi, bwererani kwa wogulitsa patatha masiku angapo, mukambirane mtengo wa galimoto yake poyamba ngati kuti mulibe yosinthitsa, ndipo mukagwirizana m'pamene mutchule za M5 yanu, muli ndi mitengo ina iwiri yolembedwa kuchokera kwa ogula ena. Makiyi onse awiri a galimoto inayo, buku lake ndi kalata ya banki yotsimikiza kuti ngongole yakale yatsekedwa muzione ndi maso anu musanapereke makiyi a yanu.