Momwe mungatsegulire malo odyera mu Chipata n'kudutsa nawo dzinja loyamba

Aliyense amene amayenda pakati pa Down Shops, msika wa Kapata ndi Saturday Market amaona kuti malo odyera atsopano amachuluka pakati pa chaka, alimi akagulitsa mbewu zawo, ndipo ena mwa malowo amapezeka otseka Febuluwale asanathe, penti wa pachikwangwani akadali wowala. Azakhali anga anatsegula malo otere ine ndikuwathandiza kulemba buku la ndalama, ndipo anatseka patangotha miyezi isanu ndi iwiri ngakhale kuti nsima yawo anthu ankaiyamikira. Chimene chinawagwetsa n'chakuti mpamba wonse unathera pa mipando, penti ndi phwando lotsegulira, pamene mtengo weniweni wa mbale imodzi sitinauwerengepo, ndipo dzinja linatipeza tilibe chosunga. Malangizo otsatirawa ndawasanja motsatira zimene ndinaona m'miyezi imeneyo.

Choyamba: werengani anthu musanalipire lendi

Pitani pamalo amene mwawakonda masiku anayi osiyana, limodzi likhale Loweruka ndipo lina likhale la pakati pa mwezi pamene malipiro atha m'matumba, mukakhale pamenepo kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana. Werengani okhawo oyenda pansi, chifukwa magalimoto othamanga mu Umodzi Highway sangakudyereni nsima ngati palibe poimika. Onetsetsaninso kuti odutsawo ndi ndani. Mnyamata wa njinga yonyamula anthu amafuna nsima yokhutitsa, yotsika mtengo, yobwera msanga, ndiponso mpando umene angakhalepo akuona njinga yake. Mayi wogulitsa salaula sangasiye katundu wake, choncho amafuna mbale imufikire pomwe ali. Wogwira ntchito muofesi amayang'ana kaye pansi ndi posamba m'manja asanafunse ndiwo, ndipo wamalonda wochokera ku Mchinji kudzera pa Mwami amadya pafupi ndi pokwerera. Malo amodzi sangakwanitse onsewa, ndiye sankhani gulu limodzi n'kukonza zonse molingana nalo.

Mukakhutira ndi chiwerengerocho, yang'anani m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa matope, pakuti mzinda wathu wazunguliridwa ndi mapiri ndipo nyumba zina zimene zimaoneka zouma mu Julayi zimalowa madzi mu Januwale. Pangano ndi mwini nyumba lilembedwe papepala, litchule amene azilipira madzi, ngati mita ya magetsi ndi yanuyanu, ndiponso chimbudzi chimene makasitomala azigwiritsa ntchito.

Chachiwiri: mapepala

Lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, kenako pitani ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, kuti mukhale ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, ndi kulembetsa msonkho woyenera, umene kwa mabizinesi aang'ono ambiri ndi turnover tax, msonkho wowerengera pa ndalama zonse zimene mwagulitsa. Ku khonsolo ya mzinda wa Chipata mukalipira business levy, msonkho wa khonsolo wochitira malonda, ndi kupempha chilolezo cha zaumoyo ndi satifiketi ya ozimitsa moto, ndipo zimenezi zimakonzedwanso chaka ndi chaka. Oyendera zaumoyo adzabwera kudzaona khitchini, madzi, chimbudzi ndi potayira zinyalala, motsatira Public Health Act ndi Food Safety Act ya 2019. Nzeru yake ndi kuwaitana musanamange chilichonse, chifukwa kugumula sinki yomangidwa kale n'kodula kuposa kufunsa poyamba pamene iyenera kukhala.

Aliyense wogwira chakudya, kuphatikizapo inuyo ndi mwana wa achibale amene wangobwera kudzathandiza, ayenera kupimidwa kuchipatala n'kulandira satifiketi, imene imagwira ntchito miyezi 6. Antchito alembetsedwe ku NAPSA, bungwe la penshoni, kumene wantchito amapereka 5 peresenti ya malipiro ake ndipo inu mumawonjezera 5 peresenti ina, komanso ku NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, kumene mbali iliyonse imapereka 1 peresenti. Ngati mukufuna kugulitsa mowa, laisensi yake ndi yapadera, ndipo ine ndingakulangizeni kuti chaka choyamba muusiye kaye.

Chachitatu: madzi ndi moto

Madzi a Eastern Water and Sanitation Company akhale ndi chothandizira chake, kaya thanki kaya migolo yotsekera bwino yokwanira ntchito ya masiku awiri, ndipo madzi akumwa muziwathira klorini. Pakhomo ikani ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo beseni limodzi losambiramo anthu onse lisapezeke n'komwe pamalo anu. Kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 inafalikira m'zigawo zonse khumi mpaka masukulu anachedwa kutsegulidwa kufikira pa 12 Febuluwale 2024, ndipo pa nthawi ngati imeneyo malo odyera ndiwo amayamba kuyenderedwa.

Za magetsi, chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba kotero kuti ZESCO inkazimitsa magetsi nthawi yoposa theka la tsiku, ndipo amene anadalira sitovu ya magetsi ndi firiji yodzaza nyama anataya zambiri. Khalani ndi gasi wophikira zofulumira, mbaula ziwiri za nyemba ndi nyama, ndi chozimitsira moto chopachikidwa poonekera. Nyama muzigula ya masiku awiri basi.

Chachinayi: dziwani mtengo wa mbale imodzi

Apa ndi pamene azakhali anga ndi ine tinalakwitsa kwambiri, choncho ndikhalitsapo. Mtengo wa nsima tinangoutengera kwa oyandikana nawo, osadziwa kuti iwo nyumba inali yawoyawo ndipo sankalipira lendi. Ndimakumbukira azakhali ataimirira pa mphika, chipande m'dzanja, munthu akangoti "Amayi, lero njala yandigwira," iwo n'kuwonjezera mtanda wachitatu ndi nthuli ina ya nkhuku. Madzulo ndalama zinkaoneka zambiri m'chitini, koma m'mawa tikagula ufa, saladi (mafuta ophikira), tomato ndi makala, chitinicho chinkatsala ndi zosakwana n'theka la lendi ya tsikulo.

Chitani motere musanatsegule, mukadali kunyumba. Tengani thumba limodzi la ufa la makilogalamu 25, muziphika ndi chipande chimene mudzagwiritse ntchito pamalonda, ndipo muzilemba mitanda yonse mpaka thumbalo litatha. Gawani mtengo wa thumba ndi chiwerengero cha mitanda, ndipo mudziwa mtengo wa mtanda umodzi. Chitani chimodzimodzi ndi nkhuku: gwirizanani ndi wophika kuti nkhuku imodzi izituluka nthuli zingati, chiwerengerocho chisasinthe kaya wadula ndani. Yezaninso botolo la saladi kuti limatha masiku angati, thumba la makala, mulu wa tomato ndi anyezi, ngakhale mchere ndi sopo.

Kenako bwerani pa zolipira zimene sizioneka m'mbale. Tiyerekeze kuti lendi ndi K2,600 pamwezi ndipo mumatsegula masiku 26. Ndiye kuti tsiku lililonse K100 yapita musanayatse moto. Mukagulitsa mbale 40, mbale iliyonse yasenza K2.50 ya lendi, koma mu Januwale mukagulitsa mbale 20 zokha, iliyonse yasenza K5. Werengani motero malipiro a antchito, madzi, magetsi, msonkho ndi ziphaso za khonsolo, ndipo musaiwale chakudya chimene antchito ndi a m'banja lanu amadya pamalopo, pakuti nachonso chimachoka m'thumba lomwelo la ufa. Inunso dzilembereni malipiro a pamwezi, ngakhale ochepa, kuti dzanja lisamalowe m'chitini nthawi iliyonse kunyumba kukasowa ndiwo. Mtengo wogulitsira muuike poyang'ana mwezi wa mbale 20. Ngati mtengowo ukupitirira kwambiri umene anthu a pamalopo angalipire, ndiye kuti lendi yakula kapena antchito achuluka, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi mpamba ukadali m'manja.

Ndiwo zikhale zochepa koma zosasowa: nkhuku ya kumudzi, nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe, kapenta, nyemba, ndi masamba awiri a nyengo yake, monga repu, nkhwani wotendera kapena therere. Mpunga wa ku Chama muuphike pang'ono chifukwa cha amene safuna nsima masana. Masamba ndi tomato mukagule m'mamawa kwa alimi amene amabwera nazo panjinga, zisanadutse m'manja mwa ogulitsanso. Mtedza wa nsinjiro ndi nyemba mugule pa nthawi yokolola n'kusunga pouma, pamwamba pa matabwa, ndipo mtedza uliwonse wa chuku muutaye chifukwa umadwalitsa.

Chachisanu: mwezi wotsegulira ndi tsiku loyamba

Tsegulani mu Meyi kapena Juni, pamene alimi ayamba kubwera m'tauni kudzagulitsa soya, mtedza, mpendadzuwa ndi chimanga, kuti mukhale ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ya malonda abwino mvula isanayambe. Kutsegula mu Disembala chifukwa cha Khirisimasi kumanyenga, popeza masabata awiri a chisangalalo amatsatiridwa ndi miyezi imene ndalama zapita ku feteleza ndi mayunifolomu a ana, tomato ndi makala zakwera mtengo, ndipo anthu amanyamula chimanga chachiwisi kuchokera kunyumba.

Tsiku loyamba lisakhale la phwando. Kuitana abusa kapena ansembe kuti adalitse malo n'koyenera, koma kudyetsa mpingo wonse ndi achibale kwaulere kumadya mpamba wa sabata yathunthu. Phikani theka la zimene mukuyembekeza kugulitsa, chifukwa kuuza munthu kuti nkhuku yatha kumamubweretsa msanga mawa lake, pamene ndiwo zogona zimamuthamangitsiratu. Chilengezo pa Breeze FM kapena Radio Maria, ndi zithunzi pa Facebook ndi WhatsApp, zimathandiza, komabe chimene ndinaona chikukoka anthu ndi kutumiza mtsikana kapena mnyamata waukhondo m'mashopu oyandikana nawo cha m'ma 10 koloko kukalemba maoda a masana. Nambala ya Airtel Money kapena MTN MoMo ikhale ya bizinesi yokha, yolembedwa pakhoma.

Chachisanu ndi chimodzi: Nc'wala ndi Kulamba

Mwambo wa Nc'wala wa Angoni a Inkosi ya Makhosi Mpezeni umachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, ndipo Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi kumachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana. Nc'wala ndi yofunika kwambiri kwa mwini malo odyera chifukwa imafika pakati pa miyezi yovuta. Ngati mwaganiza zokagulitsa kumeneko, kaonaneni ndi komiti yokonza mwambo kukadali milungu ingapo kuti mupatsidwe malo, nyamulani madzi anuanu, tenti yoteteza mvula ndi masatifiketi a ophika, ndipo chakudya mukaphikire komweko m'malo monyamula chophikaphika kuchokera m'tauni. Zogulitsa zikhale ziwiri kapena zitatu zotuluka msanga, monga nsima ya nkhuku, nyama yootcha ndi thobwa.

Maganizo anga ndi akuti chaka choyamba musapite. Sabata ya Nc'wala alendo ambiri amagona mu Chipata ndipo amafuna chakudya m'mawa ndi madzulo, choncho kutsegula msanga ndi kutseka mochedwa pamalo anu omwewo kumabweretsa ndalama popanda kulipira galimoto kapena kugawa antchito pawiri.

Chachisanu ndi chiwiri: nkhongole, thumba la dzinja, ndi kutseka mwadongosolo

Odya pankhongole adzabwera, makamaka a malipiro a pamwezi, ndipo kuwakaniratu onse n'kovuta pamalo amene anthu amadziwana. Ikani malire a ndalama pa munthu aliyense, azisaina m'buku tsiku lomwe wadya, ndipo amene sanalipire mwezi watha asayambe tsamba latsopano. Kuyambira Juni mpaka Okutobala muzipatula ndalama sabata iliyonse, kaya kubanki kaya m'chilimba cha anthu odalirika, mpaka zikwane lendi ndi malipiro a antchito a miyezi itatu. Kaloba musayandikire, pakuti chiwongoladzanja chake chimaposa phindu la mbale iliyonse imene mungaphike. Ngati mukufuna mpamba wowonjezera, funsani ku Ward Development Committee (komiti ya chitukuko ya wodi) ya kwanu za ngongole za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, kapena ku ofesi ya CEEC, bungwe la boma lobwereketsa mpamba kwa nzika.

Buku likaonetsa kuluza miyezi itatu yotsatizana ngakhale mwachepetsa ndiwo ndi maola, tsekani mpamba wina ukadalipo. Perekani notisi kwa mwini nyumba monga mwa pangano, lipirani antchito zonse zimene akuyenera kulandira, ndipo lemberani kalata khonsolo, NAPSA ndi ZRA yowadziwitsa kuti mwaimitsa malonda. Ritani ya turnover tax, lipoti la pamwezi la zimene mwagulitsa lopita ku ZRA, imayenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira ngakhale simunagulitse kanthu, ndipo mukangokhoma chitseko osanena, zilango zimapitirira kuunjikana pa TPIN yanu. Miphika ikuluikulu, mbaula ndi silinda ya gasi muzisunge ngati muli ndi pozisunga, chifukwa ndi zimene zimadula kwambiri pogulanso mukafuna kutsegula Meyi wotsatira.