Momwe mungalembetsere malo a kwanu pa Wikidata

Mukalemba dzina loti Blantyre pa intaneti, kompyuta sidziwa ngati mukunena mzinda wathu wa malonda kapena tawuni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Mulanje ndiye wosokoneza kwambiri: ndi phiri, ndi boma, ndi tawuni. Munthu amamva kuchokera pa nkhani imene ikukambidwa, koma makina amafuna kuti chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake. Ntchito imeneyi imachitika pa Wikidata, nkhokwe yaulere imene inayamba mu 2012, ya m'banja limodzi ndi Wikipedia. Kumeneko chilichonse chimapatsidwa nambala yoyamba ndi Q, ndipo Malawi ndi Q1020. Chimandipweteka n'chakuti masukulu, mitsinje, misika ndi mapiri athu ambiri mulibe, ndipo zimene zilimo nthawi zambiri zilibe dzina la Chichewa. Izi mungazikonze nokha, ngakhale pa foni.

Choyamba, tsegulani akaunti pa wikidata.org. Mu zokonda za akauntiyo sankhani chiyankhulo chathu, chimene chizindikiro chake ndi ny, kuti malo olembapo Chichewa azioneka.

Musanalenge chinthu chatsopano, fufuzani kaye. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Lembani dzinalo m'kalembedwe konse kamene mukukadziwa, kakale ndi katsopano komwe, poti malo athu ena anasintha mayina: Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald. Mukachipeza chilimo kale, ingowonjezerani dzina la Chichewa. Kulenga chachiwiri n'kupatsa anzanu ntchito yodzaphatikiza.

Ngati mulibedi, dinani "Create a new Item". Adzakufunsani zinthu zitatu: dzina, kafotokozedwe kachidule, ndi mayina ena. Kafotokozedweko kakhale mawu ochepa osiyanitsa chinthucho ndi chinzake, monga "sukulu ya sekondale m'boma la Dedza". Musatamandemo, musayikemo mbiri yonse. Pa mayina ena lembani mmene anthu amatchuliradi malowo akamakwera minibasi, chifukwa ndi mmenenso adzafufuzire.

Tsopano tafika pa phata la nkhaniyi, kulumikiza. Chiganizo chilichonse pa Wikidata chili ndi mbali zitatu: chinthu, khalidwe lake, ndi yankho. Makhalidwe ali ndi nambala zoyamba ndi P. Yambani ndi P31, "instance of", kunena kuti chinthuchi n'chiyani: sukulu, mtsinje, phiri kapena chipatala. Kenako P17, dziko. Mukalemba Malawi, musangosiya mawuwo; sankhani pa mndandanda umene watuluka kuti Q1020 ilowe. Mwatero mwamangirira sukulu ya kwanu ku zonse zimene makina amadziwa za dziko lino. Chitaninso chimodzimodzi pa P131, boma limene malowo ali, ndipo ngati ndi Mulanje, werengani kafotokozedwe kuti musankhe boma, osati phiri.

Pa P625, malo enieni pa mapu, amene amalembedwa ndi nambala ziwiri, samalani. Ife tili kum'mwera kwa ikweta, choncho nambala yoyamba imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, kapena chilembo S. Mukaiwala kamzereko, sukulu ya ku Zomba ikapezeka ili ku Sudan. Njira yabwino ndi kukaima pa geti penipeni, kutsegula GPS ya foni, n'kulemba nambala zimene yakupatsani. Musamangokopera m'mabuku kapena pa mapu a eni, chifukwa zonse za pa Wikidata zimaperekedwa mwa chilolezo cha CC0, kutanthauza kuti aliyense angazigwiritse ntchito osapempha.

Pansi pa chiganizo chilichonse pali "add reference". Ikanipo umboni: tsamba la unduna, lipoti la kalembera la National Statistical Office, kapena nkhani ya m'nyuzipepala, pamodzi ndi tsiku limene mwaliwerenga. Ndikudziwa kuti izi zimatopetsa, bandulo nayo ikutha, koma chinthu chopanda umboni ena akhoza kuchifufuta, ndipo sangakhale olakwa. Pa chifukwa chomwechi, musalembetse anthu wamba, abale anu, kapena nambala za foni za anthu.

Chotsala ndi kutulutsa nambala ya Q ija kunja. Ngati malowo ali pa OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti amene aliyense angathe kuwakonza, onjezani chizindikiro cha wikidata n'kulembapo nambalayo, mapu ndi nkhokwe zidziwane. Ngati sukulu kapena bungwe lili ndi webusaiti, iikeni pa P856. Uzaninso amene amakonza webusaitiyo aike kachidutswa ka JSON-LD (kalembedwe kouza makina zimene zili pa webusaiti) kotsatira mawu a schema.org, ndipo pa sameAs, kutanthauza "n'chimodzimodzi ndi", alembe adiresi ya tsamba la malowo pa Wikidata. Apo kulumikizana kwayenda mbali zonse ziwiri.

Kuti muone ngati zagwira, pitani pa query.wikidata.org, tsamba lofunsira mafunso ku Wikidata, tengani chimodzi mwa zitsanzo za mafunso zimene zilipo, sinthani dziko kuti likhale Q1020, ndipo sankhani kuti zotsatira zioneke pa mapu. Pakapita mphindi zingapo, kadontho ka kwanu kayenera kuoneka. Kakasowa, bwererani pa P17 ndi P625, poti cholakwika chimabisala pamenepo kawirikawiri.