Momwe mungasungire Adventi pakhomo panu

Chaka cha Mpingo chimayamba pa Lamulungu loyamba la Adventi, lomwe limagwa pakati pa 27 November ndi 3 December. Nyengoyi ili ndi Malamulungu anayi, ndipo ntchito yake ndi kudikira Ambuye Yezu. Ambirife timaidumpha: December akangolowa, mtima uli kale pa mpunga ndi nkhuku za Khirisimasi.

Yambani ndi kudziwa chaka chomwe tikulowa, chifukwa Mthenga Wabwino wa pa Lamulungu umasintha. Chaka A timawerenga Mateyo, B Marko, C Luka. Adventi ya 2026, yoyamba pa 29 November, ikutsegula chaka B.

Kenako konzani nkhata ya Adventi. Mufunika makandulo anayi, atatu apepo ndi imodzi yapinki. M'magolosale ambiri mupeza oyera okha; gulani omwewo, mumange kansalu kapena ulusi wa mtunduwo m'munsi mwake, kutali ndi lawi. Thirani mchenga wonyowa m'mbale yachitsulo yotakata, zikani makandulo mpaka aime osapendama, ndipo zunguzani masamba osafota msanga, monga a paini, m'mphepete mwa mbale. Sabata yoyamba yatsani kandulo imodzi, yachiwiri awiri, choncho mpaka onse anayi. Yapinki ndi ya Lamulungu lachitatu, lachimwemwe, pamene ansembe amaloledwa kuvala zapinki m'malo mwa zapepo.

Apa pamalakwika zinthu ziwiri. Kandulo yoyamba imayaka masabata onse anayi, ndiye mukamaisiya nthawi yaitali itha anzake asanayambe n'komwe. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu usiku uliwonse zikwana. Chachiwiri ndi moto. Masamba akauma amagwira moto msanga, makamaka kandulo ikafupika, choncho muziwasintha sabata iliyonse. M'nyumba yaudzu mbaleyo ikani pansi, ndipo musasiye ana okha pamene ikuyaka.

Sankhani nthawi imodzi yosasintha. Ino ndi nyengo yodzala ndi kupalira, anthu amabwera kumunda atatheratu, ndiye pempherani nsima isanafike pamphasa, osati mutakhuta. Wina ayatse kandulo, wina awerenge mavesi ochepa, mukhale chete pang'ono, kenako aliyense atchule munthu mmodzi womupempherera, mutseke ndi Atate Athu.

Zowerenga zitsate magawo awiri a nyengoyi. Mpaka 16 December maso ali pa kubweranso kwa Ambuye. Werengani mneneri Yesaya, monga mitu 2, 11, 35 ndi 40, ndiponso ulaliki wa Yohane Mbatizi. Kuyambira 17 mpaka 24 December tembenukirani ku kubadwa kwake: Mateyo 1, kenako Luka 1, pang'onopang'ono. Khola la Khirisimasi, loyerekezera malo omwe Yezu anabadwira, mungalikonze m'masiku amenewa, koma chifanizo cha Mwana Yezu muchiikemo usiku wa pa 24.

Za kulapa musazengereze. Funsani akatekisi kapena atsogoleri a mphakati (kagulu ka akhristu oyandikana nyumba) tsiku lomwe ansembe adzafike ku tchalitchi chanu, chifukwa mvula ikalimba misewu ya kumidzi imavuta, ndipo sabata yomaliza mzere umatalika. Musanapite, onani ngati pali ngongole yomwe mukuizemba kapena m'bale yemwe simulankhulana naye. Yambani mwakonza zimenezo.

A kwaya kumbukirani kuti pa Malamulungu a Adventi sitiimba Ulemu kwa Mulungu Kumwamba. Timausungira usiku wa Khirisimasi. Aleluya yekha amakhalapo. Nyimbo za kubadwa kwa Ambuye ziphunzireni, koma pa Misa zidikire tsiku lake.

Pomaliza, December ndi mwezi womwe nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Gwirizanani pabanja kupatula kapu imodzi ya ufa tsiku lililonse pophika, muziuthira m'ndowa yovindikira bwino kuti usachite chinyontho. Pa Lamulungu lachinayi mukapereke kwa agogo, wodwala kapena banja lomwe a mphakati akudziwa kuti likugona ndi njala.